Ndinalonjeza amayi kuti pa Pasaka tidzalandira limodzi

Amayi anandiimbira pa foni ya achimwene chakumayambiriro kwa Januwale 2024. Malonje sanatalikitse. Anati, "Iwe, miyendo yangayi yayamba kundikana. Pasaka wa chaka chino ubwere ndi ana, ndipo ndikufuna tikapite kutsogolo limodzi, ukalandire ine ndikuona." Ine ndinali pa makina, ndikusoka mayunifolomu a ana a sukulu, foni nditaipanikiza ndi phewa. Ndinangoti, "Chabwino amayi, zimenezo n'zosavuta." Mawu anayi amenewo anandidyera chaka ndi miyezi itatu, makina amodzi osokera, ndipo anatsala pang'ono kundidanitsa ndi mlongo wanga mmodzi yekhayo.

Nthawi imeneyo n'kuti ndatha zaka pafupifupi 9 osalandira Ukaristia. Kwathu ndi kumunsi kwa mapiri a Dedza, chigawo cha Mtakataka, kumene Chikatolika chinazika mizu kalekale. Ansembe a White Fathers anafika ku Mua mu 1902, ndipo agogo anga ankasimba za kuyenda wapansi kukaphunzira katekisimu. Ine ndinabatizidwa ndili khanda, Ukaristia woyamba ndinalandira, Ulimbitso ndinalandiranso. Mu 2015 ndinalowa m'banja ku Lilongwe ndi mwamuna wa CCAP wa ku Dowa. Chinkhoswe tinachita bwinobwino, koma za kutchalitchi tinati tidzaona tikadzapeza ndalama za phwando. Ndalama za phwando sizipezeka, abale anga. Poyamba ndinkapita ku Misa Lamulungu lililonse, n'kumakhala kumbuyo, ndipo anthu akanyamuka kukalandira ndinkanamizira kutonthoza mwana. Kenaka ndinayamba kuoneka pa Khirisimasi ndi pa Pasaka pokha. Ku mphakati, kagulu ka Akatolika a m'dera limodzi, sindinalembetse, mtulo wa kutchalitchi sindinkapereka, ndipo ana anga awiri, mtsikana wa zaka 8 ndi mnyamata wa zaka 4, anali osabatizidwa.

M'mutu mwanga nkhaniyi inali yachidule. Ndinkati ndikafika kumudzi ndidzalapa Loweruka masana, usiku wake n'kulandira. Za ana ndinkakumbukira ndili mtsikana ndikuona anthu akubatizidwa usiku wa Pasaka atavala zoyera, ndiye ndinkati anganso adzaima pamzere womwewo. Sindinafunse munthu aliyense.

Lachitatu la Phulusa linagwa pa 14 February, tsiku lomwelo la Valentine, moti m'tauni anthu anali atavala zofiira ife tikutuluka ndi phulusa pachipumi. Misa itatha analengeza kuti amene akufuna kukonza maukwati awo atsalire aonane ndi akatekisti. Ndinamva bwinobwino. Ndinaima pakhomo kamphindi, ndikuona amayi awiri ndi bambo mmodzi akutsalira, manyazi anandigwira, ndinapita kukakwera minibasi. Kunena zoona, masiku 40 a Lenti sakanakwana kumaliza zonse zofunika. Koma ndikanatsalira tsiku limenelo, ndikanadziwa choona choti ndiwauze amayi nthawi ikadalipo. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo mbewayo ndinali ine.

M'malo mokonza za mzimu ndinakonza za m'mimba. Ndinkafuna mudzi wonse udziwe kuti mwana wa ku Lilongwe wabwera. Koma kwacha inali itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chinali chitakwera mtengo, ndipo ntchito yosoka imazilala nyengo ya mayunifolomu ikatha. Ndinapita kwa mayi wina wa katapila pamsika pathu n'kutenga K250,000, kuti pakatha mwezi ndibweze K375,000. Bambo a kunyumba sindinawauze. K70,000 ndinatumiza kwa achimwene pa foni kuti agule mbuzi. Ndinagula mpunga makilogalamu 20, mafuta ophikira, nsalu zinayi za amayi ndi azakhali, zakumwa, ndi nsalu yoyera imene ndinasokera ana zovala za ubatizo usiku, iwo atagona. Shuga masiku amenewo anali atasowa m'mashopu, ndinazungulira msika wonse mpaka ndinapeza mapaketi asanu pa K3,500 iliyonse, ndipo ndinabwera kunyumba ndikudziona ngati ndapha njovu.

Pa 23 March, Loweruka lakuti mawa lake ndi Lamulungu la Kanjedza, Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti m'maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino mwagwa tsoka chifukwa cha ng'amba. Ndinamva pa wailesi ndikupinda mpendero wa diresi la mwana. Sizinandifikire m'mutu kuti ndiimbe foni n'kufunsa kuti munda wa amayi uli bwanji. Chikhala kuti ndinafunsa funso limodzi lokhalo, lakuti kunyumbako mukusowa chiyani, theka la mavuto anga silikanakhalapo.

Ndinanyamuka Lachinayi Loyera, pa 28 March, ndipo kumeneko kunali kulakwa kwina. Bambo a kunyumba anatsala, anati akakhala nawo pa misonkhano ya Pasaka ya mpingo wawo. Ndinkafuna kunyamuka m'mawa, koma kasitomala wina anachedwa kudzatenga diresi lake, ndipo ndalama yake ndinkaidalira. Pa depoti tinafika 1 koloko, anthu ali pikitipikiti. Ulendo umene masiku ena ndinkalipira K9,000 kondakitala anati K15,000, katundu payekha, ndipo mtsikana wanga anamuwerenga ngati munthu wamkulu. Minibasi inanyamuka 3 koloko. Titadutsa Dedza n'kukhotera pa Masasa kuti titsike msewu wa Khwekhwerere, tinayamba kumva fungo la chinthu chopserera. Dalaivala anaimika galimoto pakati pa phiri, anati mabuleki atentha, tidikire azizire. Tinakhala pamiyala ola lathunthu ndi theka, dzuwa likulowa, mnyamata wanga akulira njala. Sindikumudandaula dalaivalayo, anachita bwino kuima. Pa Golomoti tinafika kuli mdima, tinasintha galimoto, kenaka njinga zamoto ziwiri za kabaza, ina ya ife ina ya katundu. Kumudzi tinalowa 9 koloko itadutsa, tikukumana ndi anthu ochokera kutchalitchi, matochi ali m'manja.

Mlamu wanga ndi amene anandiuza, tikutsitsa katundu. Amayi anali mmodzi wa anthu 12 amene wansembe anawasambitsa mapazi usiku umenewo. Kale ankasankha abambo okhaokha, koma kuyambira mu 2016 Papa Francis analola kuti amayi nawonso azisankhidwa, ndipo pa moyo wawo wonse aka kanali koyamba kuti mwayiwu uwagwere. Anati kuyambira masana ankakwecha zidendene ndi mwala, ndipo aliyense wochokera kumsewu ankamufunsa ngati waona mayi wa ana awiri akutsika. Sanandiuze pa foni chifukwa ankafuna ndidzangoona ndekha. Ngati mukupita kumudzi pa Sabata Loyera, nyamukani Lolemba kapena Lachiwiri, m'mamawa. Lachinayi mtengo umakwera, magalimoto amadzaza mopitirira, ndipo mwambo wa madzulo amenewo subwerezedwa.

Lachisanu Loyera nditadzuka ndinazungulira kuseri kwa nyumba kuti ndikaone mbuzi. Khola linali lopanda kanthu. Achimwene anabwera kudzandilonjera, chipewa chili m'manja, ndipo ndisanawayankhe n'komwe ndinafunsa za mbuzi. Anati, "Achemwali, mbuzi ija ndagula chimanga. Thumba limodzi ndi theka. Yotsala ndinawagulira amayi mankhwala a miyendo."

Zimene ndinalankhula sindizinyadira, koma ndizilemba momwe zinalili. Ndinakuwa kuti ndalama zimenezo n'zakatapila, kodi mumayesa m'tauni ndalama timatola pansi? Ndinati munthu akakutuma mbuzi umagula mbuzi, ndipo n'chifukwa chake simutukuka. Ndinanena zimenezi mkazi wawo ali pomwepo, ana awo ali pomwepo, kwa munthu amene anatenga mkazi wake chitengwa n'cholinga choti azikhala pafupi ndi amayi, ine ndili kutali. Sanandiyankhe. Anavala chipewa n'kumapita. M'nyumba amayi ankapemphera kolona, ndipo sanasiye, anangotsitsa mawu.

Njira ya Mtanda inayamba cha m'ma 10 koloko. Kwathu sitichitira m'tchalitchi, timayenda mumsewu wafumbi wodutsa m'minda, ndipo pa malo aliwonse mwa malo 14 aja timagwada pansi, kaya pali miyala kaya dothi latentha. Ukagwada maso amakhala pa msinkhu wa chimanga. Apo m'pamene ndinaona chimene ndinadutsa usiku osachiona. Mapesi anali ofiirira, aafupi, masamba atapotana, ena atauma asanabereke n'komwe, ena ali ndi tizitsononkho ngati chala. Kumapeto kwa March munthu umayembekezera kudya mondokwa ndi maungu, koma munda uliwonse unali chimodzimodzi. Mlamu, amene anagwada pafupi nane, anandinong'oneza osandiyang'ana kuti kuyambira February pakhomo pawo ndi pa amayi ankadya kamodzi patsiku, madzulo okha. Ine ndinali nditadzuka ndikudzitama mumtima kuti lero ndikusala kudya monga Mpingo umalamulira, pamene anthu awa kusala kwawo kunayamba kale popanda wowalamula. Kutsogolo abambo ankalandirana mtanda waukulu wamtengo, ndipo chigawo china anausenza achimwene, malaya atanyowa ndi thukuta.

Mungaganize kuti ndinapita kukapepesa tsiku lomwelo. Sindinapite. Ndinkadziuza kuti ngakhale zili choncho akanandiimbira kaye foni. Mwina n'zoona akanaimba. Koma munthu amene ana ake akugona ndi njala, n'kulandira ndalama yoti agule mbuzi ya phwando la tsiku limodzi, ine sindikudziwa kuti ndikanatani.

Pa 3 koloko tinalowa m'tchalitchi. Lachisanu Loyera kulibe Misa, koma amawerenga za masautso a Ambuye, anthu amapita kukalambira mtanda, ndipo amalandira Ukaristia wosungidwa kuchokera Lachinayi. Nthawi yolandira itakwana ndinagwira mnyamata wanga dzanja n'kutuluka naye ngati akufuna kuchimbudzi. Luso lakale lija. Amayi anayesa kuti sindinalape, ndilapa mawa.

Loweruka m'mawa ndinapita kwa akatekisti, zovala zoyera zili m'jumbo. Ndi omwewo amene anandiphunzitsa ndili mwana, tsitsi lokha ndi limene layera. Anandilandira mosangalala, anafunsa za ulendo, kenaka ndinafotokoza zomwe ndadzera. Anakhala chete pang'ono n'kufunsa kuti, "Mayi, kalata ya ku mphakati kwanu mwabwera nayo?" Ndinati ayi. "Nanga ya bambo mfumu a parishi imene mumapempherako?" Ayi. "Khadi lanu la ubatizo?" Linatayika posamuka nyumba. "Ukwati munamangitsa?" Apo ndinangoyang'ana pansi.

Anandifotokozera mofatsa, ngati mmene ankachitira tili pansi pa mtengo. Amene amabatizidwa usiku wa Pasaka ndi anthu amene akhala akuphunzira kwa nthawi yaitali, ndipo mayina awo analembedwa kale. Mwana wamng'ono amabatizidwa ku parishi imene makolo ake amakhala, makolowo ataphunzira kaye, ndipo pamafunika mayi kapena bambo wa ubatizo amene analandira Ulimbitso ndipo amalandira masakramenti. Kubatizitsa kwina kumafuna kalata. Chimene chinandidzidzimutsa kwambiri chinali cha mtsikana wanga. Anati mwana akakwanitsa zaka 7 Mpingo umamuona ngati wozindikira, sabatizidwanso ngati khanda, ayenera kulowa kalasi aphunzire yekha, adzayankhe ndi pakamwa pake. Ndinali nditachedwa naye ndi chaka chimodzi chokha, ndipo sindinkadziwa kuti pali malire otero.

Bambo mfumu ndinawapeza pakhonde akuthamangira kukakonza za usiku. Sabata imeneyi ansembe sakhala pansi, amapita ku Misa yodalitsa mafuta ndi Ambuye Episkopi, amazungulira nthambi, mizere ya olapa ndi yaitali. Anandipatsa mphindi zisanu, ndipo sanandikalipire. Anati kulapa sikungayende pakokha pamene chimene chikunditsekereza chikadali pomwepo, tiyambe takonza ukwati. Lachisanu ndi Loweruka Loyera ukwati sumangidwa kulikonse, ndipo ngakhale tsiku lina pamafunika maphunziro ndi makalata a ku parishi imene ndikukhala. "Mukabwerera ku Lilongwe musakayambire kwa wansembe," anatero, "mukayambire ku mphakati. Ndipo usiku uno mubwere, mulowe mkati, musakhale panja."

Ndinabwerera kunyumba ndi jumbo yanga n'kuibisa pansi pa chikwama. Masana onse ndinali ndi amayi pakhonde tikusankha mpunga. Kawiri konse ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze, kawiri konse ndinayamba nkhani ina. Pa zolakwa zonse za ulendo umenewu, ichi ndi chimene chimandiwawa mpaka lero.

Usiku wa Pasaka kwathu ndi wokoma, ndipo ngakhale mtima unali wolemera ndinaumva kukoma kwake. Moto unayatsidwa panja, wansembe anadalitsa kandulo wamkulu wolembedwa 2024, tinalowa m'tchalitchi muli mdima, moto ukuyenda kuchoka pa kandulo wa uyu kupita pa wa uyo mpaka nkhope zonse zinaoneka. Mawerengo anali ambiri, kuyambira pa chilengedwe, kudzera pa kuoloka nyanja, ana anga anagona pamiyendo panga. Kenaka belu limene linali chete kuyambira Lachinayi linalira, ng'oma zinagunda, amayi anaimba nthungululu mpaka malata ananjenjemera. Uthenga Wabwino unali wa amayi aja opita kumanda m'mamawa, akufunsana kuti adzawakunkhunizira mwala ndani. Obatizidwa anaima pamzere atavala zoyera. Mtsikana wanga anadzuka, anawayang'ana, n'kundifunsa kuti diresi lake lija avala liti. Ndinati agone.

Nthawi yolandira itakwana amayi anadzuka ndi ndodo yawo, anandigwira pamkono n'kunena kuti, "Tiye." Ndinati, "Amayi, sindingathe." Anandiyang'ana nthawi imene kwa ine inali yaitali kwambiri, anthu akumbuyo akudikira kuti tidutse. Kenaka anandisiya mkono. Mlamu ndi amene anawagwira n'kupita nawo kutsogolo.

Pobwerera tinayenda chete mpaka pafupi ndi mjigo. Pamenepo anaima kuti apume, n'kunena kuti, "Ukanandiuza masana, ndikanalirira kunyumba, osati pamaso pa anthu." Titayendanso pang'ono anawonjezera kuti, "Ndimadziwa kuti ukwati sunakonze. Ndimayesa kuti ndikakuuza mu Januwale uyambapo."

Lamulungu mlamu anapha nkhuku yake yoikira mazira, tinadya ndi mpunga uja. Achimwene anadyera kwawo. Shuga amene ndinamuvutikira amayi anamugawa m'timapepala n'kutumiza ana kuti akapereke kwa anthu oyandikana nawo, anangosunga paketi imodzi. Madzulo ndinapita kwa achimwene, ndinagwada pakhomo monga mwa mwambo, ndinapepesa mkazi wawo akumva, popeza ndinawanyoza iye akumva. Anangoti, "Ndamva." Lolemba anatiperekeza kumsewu atasenza chikwama, koma njira yonse ankalankhula ndi ana okha.

Ku Lilongwe ngongole inali ikundidikira. Mwezi utakwana ndinalibe K375,000, mayi uja analandira K125,000 ya chiwongoladzanja chokha, ngongole n'kukhala pomwepo. Mwezi wa May chimodzimodzi. Mu June ndinagulitsa makina anga achiwiri pa K280,000, ndipo yotsalayo ndinachita kuwaululira bambo a kunyumba kuti andithandize. Pa K250,000 ndinabweza K625,000. M'nyumba munali mosalankhulana kwa milungu ingapo, osati chifukwa cha ndalama zokha koma chifukwa ndinabisa, ndipo nkhani ya ukwati sindikanaiyambitsa pa nthawi imene munthu sakukuyang'ana n'komwe. Katapila ameneyo anachedwetsanso za kutchalitchi ndi miyezi iwiri.

Ku mphakati ndinayamba mu April. Ndinafunsa mayi wina woyandikana nane amene ndinkamuona atavala nsalu ya Amayi Achikatolika, ananditenga Lamulungu masana kunyumba imene ankasonkhana. Ndinaimirira n'kunena zonse. Palibe anaseka. Pa anthu amene analipo, amayi atatu anadutsa njira yomweyo. Wapampando anati kalata salembera munthu amene sakumudziwa, ndiye ndizibwera, ndizipezeka pamaliro, ndizisesa nawo tchalitchi ikafika sabata yathu. Za mtulo tinakambirana, ndinkapereka pang'onopang'ono. Kalata anandilembera mu July. Komwekonso ndi kumene ndinapeza gulu la banki nkhonde, limene chiwongoladzanja chake sichifika n'komwe pa theka la cha katapila, ndipo chimabwerera kwa eni ake pogawana.

Chikalata cha ubatizo chinandiyendetsa kawiri. Pa ukwati amafuna chatsopano chochokera ku parishi imene unabatizidwira, chifukwa m'buku lomwelo ndi mmene amalemba ngati unalandira Ulimbitso kapena unakwatiwapo. Ulendo woyamba ndinapereka dzina ndi chaka zimene zili pa chiphaso changa cha unzika, anafufuza m'mabuku mpaka dzuwa kupendeka osapeza kanthu. Vuto linali langa. Chaka chobadwa chinasinthidwa polembetsa sukulu, ndipo ndinabatizidwa ndi dzina la woyera mtima limene sindiligwiritsa ntchito. Nditawafunsa amayi anayankha osaganiza n'komwe kuti, "Unabatizidwa patatha miyezi iwiri Papa atabwera." Papa Yohane Paulo Wachiwiri anabwera ku Malawi mu May 1989. Ulendo wachiwiri, ndi chaka chimenecho, dzina la mayi wanga wa ubatizo ndi dzina la mudzi, anandipeza pa mphindi zochepa. Maulendo awiriwo anandidyera pafupifupi K60,000. Musananyamuke funsani makolo zinthu zinayi zimenezi, dzina la ubatizo, chaka, mudzi ndi amene anakuimirani.

Bambo a kunyumba chimene ankaopa n'chakuti awakakamiza kusiya CCAP. Zaka zonsezi ankaganiza choncho, inenso ndinkaganiza choncho, ndipo palibe anafunsapo. Titakhala pansi ndi bambo mfumu mu August tinamva kuti sizili choncho. Iwo akhala mu mpingo wawo, angobweretsa kalata yosonyeza kuti anabatizidwa ndipo sanamangitsepo ukwati wina. Ine ndi amene ndinayenera kulonjeza kuti ndisunga chikhulupiriro changa ndipo ndiyesetsa kulera ana m'Chikatolika, iwo akudziwa za lonjezolo. Pa ukwati wa mipingo iwiri pamafunika chilolezo cha Ambuye Episkopi, ndipo chathu chinatenga pafupifupi milungu 6. Tinaphunzira Loweruka lililonse, kenaka anatilengeza m'tchalitchi masabata atatu otsatizana.

Panatsala ankhoswe. Nkhoswe yanga ndi achimwene, mwini mbumba, munthu yemwe uja ndinamuuza kuti satukuka. Kuyambira Pasaka tinkangolankhulana za mankhwala a amayi. Ndinagwira foni masiku atatu ndisanaimbe. Nditafotokoza anangofunsa kuti, "Tsiku lake ndi liti?" Anabwera, nthawi imene mafuta a galimoto ankavuta m'dziko muno, atavala jekete la malemu bambo athu.

Tinamangitsa ukwati Loweruka lina mu Januwale 2025, pa Misa ya m'mawa, tili anthu 14. Dzulo lake ndinalapa, ndipo ndinatuluka maso atatupa. Diresi ndinasoka ndekha. Kunyumba tinaphika mpunga ndi nkhuku ziwiri, zonse pamodzi K85,000. Phwando limene tinalidikira zaka 9 linali lomwelo. Mnyamata anabatizidwa mwezi wotsatira. Mtsikana ali m'kalasi, ndipo mafunso a katekisimu amene amabwera nawo kunyumba ena amandigonjetsa.

Amayi pa ukwatiwo panalibe. Mu November 2024 anagwa pakhomo, mbali ya kumanzere inafa, ndipo kuyambira pamenepo sayenda.

Pasaka wa 2025 anali pa 20 April. Ndinanyamuka Lachiwiri m'mamawa, ndipo ndisanagule kanthu ndinaimbira achimwene. Anati ufa, sopo, mchere, ndi mabatire a wailesi ya amayi. Ndinagwiritsa ntchito K60,000 imene ndinkasunga kuyambira Januwale. Lachitatu ndinapita kwa atsogoleri a mphakati wa kumudzi kukatsimikiza kuti dzina la amayi lili pa odwala oti adzalandirire kunyumba, chifukwa zimenezi sunena tsiku lomwelo, otumikira ndi ochepa ndipo midzi ndi yambiri. Usiku wa Loweruka ndinapita kutsogolo pakati pa achimwene ndi mlamu. Pa benchi pamene amayi ankakhala panali mayi wina amene sindikumudziwa.

Lamulungu masana wotumikira Ukaristia anafika wapansi, kabokosi kali pachifuwa. Pa mpando wamatabwa tinayala nsalu yoyera, imene ndinachita kusula pa diresi lija la mtsikana wanga, popeza linali litamuchepera asanalivale. Tinayatsa makandulo awiri. Wotumikira asanayambe pemphero amayi anakweza dzanja lamanja kuti adikire, anatembenukira kwa ine, pakamwa patapotoka, n'kufunsa kuti, "Walandira?" Ndinati, "Ndalandira, amayi." Anagwedeza mutu, kenaka anatsegula pakamwa. Ine ndinagwira kapu ya madzi kuti amezere.

Lolemba chakum'mawa ndinali ndikumanga katundu, wailesi ili pamphasa pafupi ndi mutu wawo, pamene analengeza kuti Papa Francis wamwalira ku Vatican ali ndi zaka 88. Amayi anandiitana. "Uja anatilola ife amayi kusambitsidwa mapazi?" Ndinati yemweyo. Anati ndiwapatse kolona yawo, ndipo popeza zala za kumanzere sizigwira, ndiziwerenga mikanda ndine, iwo aziyankha. Achimwene, amene anali panja akumangirira chikwama pa njinga, anamasula chingwe n'kulowa kudzagwada pakhomo. Minibasi ya tsiku limenelo inatisiya, tinakwera ya Lachiwiri.